Mathalauza a Bambo Chavula

Boma litasamuka ku Zomba kubwera ku Lilongwe, linatenga mafayilo, mipando ndi a Mackford Chavula, ndipo pa katundu yenseyo opepuka kwambiri anali a Chavulawo. Ku Zomba ankakwera chitunda wapansi popita ku ntchito, moti chilichonse chomwe mkazi wawo Tabitha ankawaphikira chinkathera m'chitundamo. Nthiti zinkachita kuonekera m'malaya. Mayi awo, a Nyaharawa a ku Rumphi, atabwera kudzacheza anangofunsa mpongozi wawoyo mwaulemu ngati pakhomopo moto umayaka. Funso limenelo Tabitha sanaliiwale.

Ku Lilongwe zinthu zinayenda. A Chavula anakwezedwa pa ntchito, anapatsidwa nyumba ku Area 11, nagula galimoto ndi furiji. Ku Capital Hill sikunali kutali, koma munthu wa udindo wawo kuoneka akuyenda wapansi kukanakhala kunyozetsa boma. Nyama inali ya tsiku ndi tsiku, majarini ankapaka ngati akuzira nyumba, m'tiyi wawo supuni inkachita kuvutika kuzungulira ndi shuga. Posakhalitsa khosi linasowa, ndipo mimba inayamba kulowa m'nyumba eni ake akadali pakhonde.

Tabitha anasangalala, tisabise. Mathalauza ankapita nawo kwa Sumaila, telala wa pakhonde la sitolo ku Old Town, kuti akawakulitse, ndipo ankawanyamula poonekera. Anajambulitsa amuna akewo n'kutumiza chithunzi ku Rumphi. Anamva kuti apongozi anazungulira nacho mudzi wonse mpaka kutchalitchi.

Tsiku lina a Chavula anagwa pa masitepe a kuofesi, ndipo amesenjala anachita kuitanizana kuti awanyamule. Kuchipatala dokotala anatengera Tabitha pambali.

"Mayi, mtima wa amuna anu watopa. Mafuta achuluka. Achepetse thupi, aziyenda wapansi. Apo ayi, muguliretu nsalu yakuda."

Tabitha anachita mantha enieni. Amuna akewo ankawakonda, kaya onenepa kaya owonda, ndipo mwana wawo Phyllis anali asanayambe n'sukulu yomwe. Anasiya kugula majarini, mchere anaubisa, nayamba kuphika masamba owiritsa ndi nsomba zootcha. M'mawa ankawakankhira panja kuti apite ku ntchito wapansi, galimoto ili chiimire pabwalo.

Anthu sanazimvetse. Anzawo ankaimitsa magalimoto kuwafunsa ngati yawo yawonongeka. Zikhale, bambo wosamalira maluwa pakhomopo, anafunsa monong'ona ngati abwana achotsedwa ntchito, kuti nayenso ayambiretu kufunafuna kwina. Amayi a kumpingo anabwera kudzapemphera osafunsa n'komwe kuti akudwala chiyani. Mathalauza anabwerera kwa Sumaila kukachepetsedwa, ulendo uno atakulungidwa m'chitenje. Koma a Chavula anasiya kupuma mwawefuwefu, mutu unaleka kuwawa, ndipo madzulo ankathamangitsana ndi Phyllis pakapinga. Tabitha ankawayang'ana pazenera mtima uli m'malo.

Atatha kukolola, a Nyaharawa anatulukira pa basi, chithunzi chija chili m'Baibulo. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana chithunzi, kenako anakatsegula furiji n'kupeza kuti ikugwira ntchito. Sanakalipe. Anakana mpando, nangokhala pakapeti.

"Mpongozi," anatero, "ku Zomba mwana wanga anali wosauka, ndinamvetsa. Lero ali ndi galimoto, nthiti zili panja. Ndikanene chiyani kumudzi?"

"Ndi adokotala, Amayi. Akuti mafuta akuwapweteka mtima."

"Adokotalawo ndi owonda?"

Tabitha anakumbukira mimba ya dokotala uja, yomwe inkatsamira patebulo.

"Kwathu kuli Zelifa," anapitiriza a Nyaharawa, "mtsikana wodziwa kusamala mwamuna, sanakwatiwe. Sindikunena kanthu ayi. Ndangomukumbukira."

M'mawa mwake apongozi analanda khitchini. Munamveka nkhuku ikulira m'mafuta, ndipo mchere anaupeza mosavuta kumene unabisidwa. A Chavula anadya zonse, maso ali m'mbale. Pambuyo pake anamupeza Tabitha kuseri kwa nyumba akuyanika zovala.

"Ndi amayi anga, mayi a Phyllis. Ndikane bwanji? Akapita tiyambiranso."

"Nanga mtima wanu?"

"Mtima udikire pang'ono."

Koma a Nyaharawa sanali pa changu. Ananena kuti apita khosi likasowanso, ndipo kuti chithunzi chatsopano azichifuna Khrisimasi iliyonse, Zelifa azichiona nawo. Galimoto inayambiranso ntchito. Zikhale analeka kufunafuna kwina, amayi a kumpingo anathokoza kuti mapemphero ayankhidwa, ndipo pamsewu anthu ankamuyamikira Tabitha kuti abwana achira. Iye ankayankha kuti zikomo. Akagona ankamvetsera kupuma kuja kukubwerera pang'onopang'ono, ndipo ankalira mosatulutsa mawu kuopa kudzutsa apongozi.

Mabatani atayamba kuthothoka, Tabitha anatenga mathalauza kupita nawo ku Old Town.

"Ndikagule nsalu yowonjezera, a Sumaila?"

"Ayi, mayi," anatero telala uja, maso ali pa makina. "Ine pochepetsa sindidula, ndimangopindira m'kati. Mabwana onse amabwereranso."

Tabitha anasiya mathalauza, nalowa mumsika. Anagula botolo la mafuta ophikira ndi nyama yonona monga anamutumira apongozi. Potuluka anaima pa benchi la nsalu n'kuloza yakuda, yopanda maluwa. Mayi wogulitsayo anatsitsa mawu.

"Pepanitu, amayi. Zachitika liti?"

"Sizinachitike," anatero Tabitha. "Ingodulani."