Mawu Anga Ankakawanenera Kwina

Aphunzitsi anatsegula kachikwama kawo, natulutsa magalasi okulunga m'kansalu koyera, n'kuwaika patebulo pakati pa makapu a tiyi.

"Anawaiwala kwathu Lachinayi lapitali," anatero motsitsa mawu. "Ndinati ndidikire anthu achepeko kaye."

Mayi anangowayang'ana magalasiwo osawakhudza. Anali a amuna awo, kalipentala amene anali ataikidwa m'manda dzulo lake. Mwendo umodzi wa magalasiwo unali womanga ndi waya, ntchito ya mwini wake. Tsiku la maliro Mayi anawafunafuna nyumba yonse, pansi pa bedi, m'matumba a jekete, mpaka kufukula utuchi wa m'shedi, chifukwa sankafuna kuti munthu amene sankatha kuona msomali popanda magalasi apite chimanjamanja. Ndiye lero ndi awa, akutuluka m'chikwama cha mkazi wina, akununkhira sopo wa eni ake.

"Kwanu," anatero Mayi.

"Eya, kumene timakumana a gulu lowerenga lija."

"Anakavula magalasi kwanu. Ine ndimayesa munthu akamawerenga m'pamene amawavala."

Mwana wawo wamkazi, amene aliyense ankangomutchula kuti Namwino chifukwa cha ntchito yake, anatsokomola nayamba kuwonjezera tiyi m'makapu odzaza kale. Aphunzitsi anatenga kapu yawo. Anali mayi wamtali, wa imvi zopesa bwino, wopuma pa ntchito, wolankhula ngati mawu aliwonse amayamba wawasita kaye. Anamwa tiyi pang'ono, anapepesanso za maliro, kenaka anatsanzika.

Mumsewu wawo malemuwo ankadziwika ndi dzina lakuti a Mkuntho, ndipo dzinalo analigwirira ntchito. Kasitomala akanyoza chitseko chimene iwo akhoma, msewu wonse unkadziwa. Tiyi akazizira, kapu inkauluka. Sanakwezepo dzanja pa mkazi wawo, koma pakamwa pawo pankaposa dzanja, ndipo Mayi anamera imvi akutolera zidutswa za makapu ndi kupepesa kwa oyandikana nawo. Kenaka magazi a bamboyo anayamba kuthamanga, adokotala anawaopseza, Namwino n'kuwabweretsera buku la mmene munthu angadzigwirire mtima ukayamba kuwira. Bukulo linabala anzake. Pasanapite nthawi, Lachinayi lililonse masana a Mkuntho ankatseka shedi, kusamba, kuvala malaya oyera, ulendo kwa Aphunzitsi.

Pamaliro panalankhula anthu amene Mayi sankawadziwa bwino. Wogulitsa nyama, chimunthu chamapewa, analira ngati mwana, akuti malemu ndi amene anamuphunzitsa kumvetsera mkazi wake osamudula mawu. Kondakitala wa minibasi anati akakhumudwa ankathamangira kwa mkuluyu, chifukwa anali ndi khutu loleza. Mayi ankangomva, akudzifunsa ngati sanasochere n'kukhala pamaliro a mwamuna wa wina. Kunyumba a Mkuntho sanasanduke munthu wa nkhani ayi. Anangosiya kukalipa, basi. Phokoso litachoka munalowa chete, ndipo chete ameneyo Mayi ankamuona ngati wa munthu amene nkhani zake wazithera kale kwina.

Lachinayi masana, abale atabalalika, Mayi anamva kugobedeza m'shedi. Anapeza Namwino atagwada pafupi ndi benchi yopalira matabwa, akupukuta mabuku n'kumawalongedza m'katoni. Mabukuwo anali ndi alumali yawoyawo, yopalidwa bwino, yopaka vanishi, yokongola kuposa kabati ya mbale ya m'nyumba.

"Ukupita nawo kuti?"

"Kwa a gulu aja, Amayi. Muno angodyedwa ndi chiswe. Nanga inu simuwerenga."

"Sindiwerenga, eti?"

"Ndikunena maso anuwo."

"Maso angawa aona zambiri kuposa zimene zalembedwa m'menemo."

Namwino anapukuta buku lina, lachikuto chothetheka m'makona. "Musawade mabukuwa, Amayi. Pakanapanda amenewa, ine ndi Ababa tikanasiyana tisakulankhulana. Chaka chatha anabwera kuntchito kwanga, anakhala pabenchi ya odwala mpaka ndinaweruka. Anandipepesa za tsiku lija ananditukwana pamaso pa anzanga a kusukulu. Ine ndinkayesa anaiwala kalekale."

Mayi anagwira m'mphepete mwa benchi. "Anakupepesa."

"Eya."

"Ndi pakamwa pawo pomwe paja."

"Misozi ikutuluka, Amayi."

"Sunandiuze bwanji?"

"Ndinkayesa kuti anayambira kwa inu."

Mawu amenewo ndi amene anawabaya. Anamuyang'ana mwana wawo ngati akuona mkazi mnzawo wolimbirana naye nyumba. "Tsiku limenelo anakubisa kukhitchini ndani? Zotukwana zotsalazo zinagwera pamutu pa ndani? Wogulitsa nyama analandira zake. Kondakitala analandira zake. Iwenso kodi unalandira. Mkazi wa sopo uja kaya analandira zochuluka bwanji. Ine anandisiyira utuchiwu."

"Musatero, Amayi. Aphunzitsi ali ndi amuna awo."

"Kukhala ndi mwamuna kunaletsapo ndani?"

Anamukankhira pambali, anaunjika mabuku otsalawo m'katonimo mosasamala, nainyamula.

"Amayi, mwangoika maliro kumene. Anthu adzati chiyani akakuonani mumsewu?"

"Adzati mkazi wa a Mkuntho. Anazolowera kale."

Katoniyo inali yolemera kuposa mmene ankaganizira. Anadutsa pa golosale, pa malo ometera, anapuma kamodzi pamthunzi wa mpanda wa njerwa, nayambanso. Njira ankaidziwa. Tsiku lina, chaka chapita, anawatsatirapo amuna awo chapatali mpaka pa geti lobiriwira, kenaka anachita manyazi n'kubwerera.

Lero sanagogode. Anakankha getilo ndi phewa. Pakhonde panali anthu atakhala mozungulira katebulo: Aphunzitsi, wogulitsa nyama, kondakitala, ndi bambo wokalamba pa mpando wamatayala, pakamwa patapotokera mbali imodzi, bulangete pamaondo. Mpando umodzi unali wopanda munthu. Buku linali patebulo koma lotseka.

Mayi anagwetsa katoniyo pansi mpaka fumbi linabuka.

"Katundu wanu uyu. Mwini wake munamutenga ali moyo, tengani ndi zotsala zomwe."

Kondakitala anadzuka msanga, chipewa kumanja. Aphunzitsi analoza mpando wopanda munthu uja. "Takulandirani, mayi. Khalani."

"Sindinabwere kudzacheza. Ndiuzeni chimodzi chokha. Amuna anga ankatani kuno mpaka kuvula magalasi?"

Onse anayang'anana. Wogulitsa nyama ndi amene anayamba, akupotokola zala zake zikuluzikulu.

"Mayi, kuno timawerenga mutu umodzi, kenaka timayeseza. Bukuli limati mawu ovuta uyambe wawanena kwa munthu wina, lilime lizolowere. Ndiye timakhala awiriawiri. Wina amanena zimene zimamukanika kunyumba, mnzakeyo amakhala ngati ndi wakunyumbayo. Ine ndimayesezera pa kondakitalayu. Amakhala mkazi wanga."

"Ndipo ndine mkazi wovuta kwabasi," anatero kondakitala. Palibe anaseka, ndipo iye anayang'ana pansi.

"Kwa malemu," anatero Aphunzitsi, "ine ndinkakhala inu."

Mayi anawatembenukira Aphunzitsiwo. Panjira ponse ankakonzekera kumva za chibwenzi, ndipo mawu oyankhira anali nawo kale. Izi sanazikonzekere.

"Munkakhala ine," anatero pang'onopang'ono. "Munawaberekera mwana inu? Munagonapo ndi njala oda ya mipando itakanidwa chifukwa cha pakamwa pawo? Munapitapo kwa aneba mutanyamula nkhope m'manja kukapepesa zimene simunalakwe? Kukhala ine n'kophweka chonchi, kungokhala pakhonde mutapesa tsitsi?"

"Ayi, mayi. Sikophweka."

"Mawu amene ndawadikira kuyambira ndili mtsikana ankabwera kudzawakhuthulira pano? Ndi anga amenewo. Bwezani. Ndiuzeni onse, osasiyako ndi amodzi omwe."

Aphunzitsi anavula magalasi awo, nawapukuta ndi nsonga ya bulauzi. Kwa nthawi yoyamba mawu awo sanatuluke ositidwa.

"Ndikanakhala nawo, ndikanakupatsani lero lomwe. Ndilibe. Sanathe kuwanena. Ankavula magalasi, amati asaone nkhope yanga, aone yanu. Ankakhala apo, manja pamaondo, n'kuyamba kuti, 'Mayi a ana, takhalani pansi.' Basi. Pothera pake pomwepo. Thukuta kamukamu. Tikadikira, tikadikira, mumangomva akuti, 'Mpandowu ukugwedera,' agwada kale pansi, ayamba kuukonza."

Bambo wa pa mpando wamatayala uja anatulutsa mawu okhala ngati kuseka. Anamenya mkono wa mpando wake ndi dzanja lomwe linkagwira ntchito. "Yo-nse," anatero movutikira. "Mipando yo-nse."

"Amuna anga akunena zoona," anatero Aphunzitsi. "M'nyumba muno mulibenso mpando wogwedera. Mipando itatha anayamba zitseko."

"Kwa ife tonse ankalankhula bwinobwino," anatero wogulitsa nyama. "Malangizo ngati madzi a pampopi. Ikangofika nthawi yawo yoti alankhule ndi inu, munthu wamkulu uja ankasanduka mwana wa sukulu amene sanaloweze. Tsiku lina ndinawafunsa. Anati, 'Inu nonse munandiona theka. Uja anandiona yense.'"

Mayi anakhala chiimire. Anayang'ana mpando wopanda munthu uja, anaona guluu wouma m'mfundo zake, wopukutidwa ndi chala monga ankachitira amuna awo. Mtima sunatsike monga anthuwo ankayembekezera. Anawayang'ana Aphunzitsi kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ngakhale ochepawo anali anga," anatero. "Simunayenere kuwamva inu."

"Zoona," anatero Aphunzitsi. "Pepani."

Mayi anawerama, natola mabuku amene anatayikira pansi, nawabwezera m'katoni.

"Awa ndikubwerera nawo. Mwana wanga azindiwerengera. Ndimveko chimene chili m'menemu chimene chinkawasambitsa masana."

Wogulitsa nyama anadzuka kuti awanyamulire. Iwo anakana ndi mutu. Anainyamula okha katoniyo, natuluka, geti n'kulisiya pululu.

Anafika kunyumba mikono ikuwawa. Namwino anali pakhomo, foni kumanja, nkhope yodzaza mafunso. Atangoona mabukuwo anatsegula pakamwa, koma mayi ake anamupatsira katoniyo pachifuwa n'kumudutsa, kulunjika kukhitchini kuti akamwe madzi.

Kapu ili kukamwa, maso awo anagwera pa kampando kawo kophikira, kafupi, kakuda ndi utsi, kamene amuna awo anawakhomera chaka chimene analowa m'nyumbayi. Anatsitsa kapu.

Miyezi yomalizayi a Mkuntho anali ndi chizolowezi chimene chinkawatopetsa. Mayi akakhala pa ntchito zawo, ankangoona chithunzithunzi chatseka kuwala pakhomo la khitchini. Bamboyo ankaima pamenepo, opanda magalasi, akupukuta manja pa ovolosi ngakhale anali ouma. "Mayi a ana, takhalani pansi." Masiku ambiri Mayi ankayankha ali chopenya kumoto: "Simukuona kuti ndatanganidwa? Nenani ndikumva." Koma analipo masiku amene ankakhaladi, n'kuwayang'ana, n'kudikira. Bamboyo ankayang'ana denga, kuyang'ana pansi, kenaka: "Kampando kanuko kakugwedera. Tadzukani." N'kupita nako ku shedi. Mayi ankatsala akulalata kuti ukalamba wawalowa m'mutu, kampando kabwinobwino kalakwanji.

Anawerama nakanyamula. Kanali kolemera ngati kachitsulo. Anakatembenuza.

Kunsi kwake kunalibenso malo. Timatabwa tolimbitsira tinali topingasa paliponse, kena pamwamba pa kanzake, tina takale todetsedwa ndi utsi, tina toyera tatsopano. Misomali inali ndandanda, mitu yake yomizidwa bwino kuti isakole nsalu. Mwendo uliwonse unali ndi timatabwa take tothinitsira ndi guluu wake. Kampandoko sikanagwederepo chikhomereni.

Mayi anayendetsa chala pa katabwa koyera kuposa tonse. M'mphepete mwake munali mosalala, mopalidwa ndi sandipepa mbali imene palibe munthu akanaiona.

"Amayi?" Namwino anali pakhomo, buku limodzi kumanja. "Mwati ndizikuwerengerani? Ndiyambe liti?"

Mayi anatembenuzanso kampandoko, anakaimika pamalo pake, nakhalapo, manja pamaondo, nkhope italoza kukhomo.

"Tachoka kaye pakhomopo," anatero. "Ndangokhala pansi kumene."