Khoma Lofunda

Anthu a ku Chalimbana ankaseka galimoto ya Fidelis kuti imadya ngati foni. Inali ndi pothirira petulo monga galimoto ina iliyonse, komanso inali ndi kabowo kena kolowetsamo chingwe cha magetsi, ndipo pansi pa mipando yakumbuyo panali chibatire chachikulu. Inachokera kunja itatumikira kale eni ake zaka khumi ndi chimodzi. Koma mukanamumva Fidelis akuifotokoza pabwalo la tchalitchi, mukanati anaiumba yekha ndi manja ake.

Mirriam, mkazi wake, ankafuna kapikapu konyamulira tomato ndi kabichi za kudimba kwake. Analankhula mpaka kukhosi kuuma, kenaka analeka, chifukwa mwamuna wogwira ntchito m'boma ku Lusaka akatsimikiza zoti anzake amuone, samva ngakhale mutamukuwira m'khutu. Fidelis anamangira galimotoyo galaji yogundana ndi nyumba, ya chitseko chachitsulo ndi maloko awiri.

Kuseri kwa khoma la galajiyo kunali chipinda cha ba Abraham, bambo ake a Mirriam. Anawatenga kumudzi ku Nkomeshya atafa ziwalo mbali yakumanja. Paokha sankadzuka. Kuwachotsa pabedi ndi kuwafikitsa pakhonde inali ntchito ya anthu awiri, Mirriam kumanzere, Fidelis kumbali yakufayo, ndipo ulendo wa mapazi makumi awiriwo unkatenga mphindi khumi. Pa ulemu, Fidelis analibe mnzake. M'mawa uliwonse ankagwada pakhomo pa apongozi ake, n'kuomba m'manja katatu, n'kufunsa mmene agonera. Ba Abraham ankauza aliyense wobwera kudzawaona kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu.

Magetsi masiku amenewo ankabwera nthawi imene afuna, n'kuchoka osatsazika, choncho chingwe chinkakhala cholumikiza nthawi zonse kuti akangobwera galimoto iyambe kudya. Ikamadya, galaji yotsekayo inkatentha ndipo khoma linkafunda. Mu Juni, kukuzizira kolowa m'mafupa, ba Abraham anapempha kuti bedi lawo likankhidwe ligunde khomalo. Ankatsamiza phewa lakufalo pamenepo n'kumati mankhwala onse a kuchipatala sakufika pa khoma la apongozi awo, kutanthauza mkamwini wawo Fidelis.

Lachiwiri lina mu Julayi, Fidelis ali ku msonkhano wa ntchito ku Kabwe, Mirriam anatenga galimoto kukasiya makabichi pamsika wa Chongwe. Pobwerera, kanyali kachikasu kanayaka kutsogolo kwa chiwongolero, galimoto n'kuyamba kuyenda ngati yadwala mimba, mpaka njinga za makala zinkaipitirira. Anaikokera kwa Elvis, makanika amene Fidelis ankapitako, munthu wa imvi zochepa ndi mawu ochepa.

Elvis analumikiza kamakina kake pansi pa chiwongolero, n'kuyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Amai, iyi laiti sinizaizimya futi. Naizimya kabili, yakwana."

"Kabili? Ine naiona lelo chabe."

Elvis anamuyang'ana modabwa. "Ba Fidelis sibanakuuzeni?"

"Kuniuza chani?"

Makanikayo anapukuta manja, n'kutulutsa foni, n'kumuonetsa tsamba lodzaza Chingerezi, nambala ya galimoto yawo ili pamwamba.

"Mu Malichi ninalowetsa nambala ya motoka iyi. Bamene banaipanga banaitana mamotoka yonse ya mutundu uyu kuti yabwelele, kudala maningi. Batire ili na vuto. Ikapya pochaja ingayake moto yeka, olo motoka ili chabe chiimilile. Kuja kwamene inachokela banachinja mabatire. Manje kalata inayenda kuli mwine wakale, ise kuno tinalandila chabe motoka."

"Manje nichite bwanji?"

"Osachaja mu galaji. Osaimika pafupi na nyumba. Moto wa batire iyi siuzima na mabaketi ya manzi, amai, ndipo siupasa muntu nthawi yovala nsapato. Vonse ivi ninabauza. Banakamba ati, 'Iwe zimya chabe laiti, ivo ni voyofya va bazungu.' Ine ninazimya, ninalakwa. Lelo nakana."

Mirriam anatembenukira galimotoyo. Chimene chinamubwerera m'maso ndi phewa la bambo ake litatsamira khoma, ndi mphindi khumi zija zochokera pabedi kufika pakhonde, anthu awiri atagwira. Tsiku limenelo wowanyamula analipo iye yekha.

Anayendetsa pang'onopang'ono mpaka kwawo, koma sanalowetse galimoto m'galaji. Anakaimika kumalire a puloti, pansi pa mtengo wa msuku, kutali ndi chilichonse chokhala ndi denga. Panjira yonse ankayesa kumukhululukira mwamuna wake. Ankati mwina sanakhulupirire. Amuna ambiri amatero, amamva chenjezo n'kuliseka, ndipo uchitsiru wotere munthu umatha kukhala nawo m'nyumba. Analowa m'galaji kuti azule chingwe pakhoma, ndipo poweramuka maso ake anagwa pa shelefu yapamwamba, pamene tsopano panali zitini za penti.

Pamenepo m'mbuyomu pankakhala chikwama chachikopa cha Fidelis, chofiirira, cha loko wa manambala. Munali masatifiketi ake onse kuyambira a sekondale, digiri, kalata yomulembera ntchito, ndi mapepala a puloti. Chinakhala pa shelefuyo kuchokera tsiku limene galaji inatha. Mu Malichi, Lamulungu lina atachoka kutchalitchi, Fidelis anachitsitsa asanavule ngakhale tayi, n'kupita nacho kuchipinda chawo chogona, kumapeto kwenikweni kwa nyumba. Anati akuopa chiswe. Mirriam anakumbukira kuti Loweruka la dzulo lake ndi limene mwamunayo anaswera kwa Elvis. Anakumbukiranso, ndipo apa mtima unamuwawa koposa, kuti iye anamuyamikira kuti ndi munthu woganiza patali.

Chiswe! M'galaji ya simenti, ya malata, pa shelefu yachitsulo. Munthu anamva, anakhulupirira, anayeza zimene zinali pafupi ndi moto, n'kusankha chonyamula. Mawa lake anakagwada pakhomo pa chipinda chija n'kuomba m'manja katatu. Miyezi inayi wakhala akugwada pamenepo. Bedi lija, pokankhidwira kukhoma mu Juni, mbali ina anagwira ndi iyeyo.

Mirriam sanamuimbire foni. Nkhani ngati imeneyi siyofuna munthu amene angathe kunena kuti netiweki yavuta. Anaphika, anathirira dimba, anasambitsa bambo ake, koma mbale zinkalira m'manja mwake ndipo nkhuku zinaphunzira kumupatukira. Lachitatu ba Abraham anadandaula kuti khoma lazizira. Lachinayi anadandaulanso, n'kufunsa kuti apongozi abwera liti. Mirriam anangowafunditsa bulangeti lachiwiri.

Lachisanu madzulo dzuwa likadalipo, Fidelis anatsika minibasi ndi kachikwama ka zovala. Ba Abraham anali pakhonde, pampando wawo, pamene Mirriam ndi mayi wina woyandikana naye anawakhazika masana. Khondelo linayang'anana ndi chitseko cha galaji. Fidelis asanapereke n'komwe moni anaona galimoto yake pansi pa msuku, itadzaza masamba ndi zitosi za mbalame.

"Amake Kondwa! Motoka ichita chani kuja?" Ankamuitana choncho potengera mwana wawo wamkazi amene anali kusukulu yogonera komweko.

"Ninaipeleka kuli ba Elvis," anatero Mirriam, ali chiimire pamasitepe. "Baniuza vonse, bashi Kondwa."

Nkhope ya Fidelis inasintha pang'ono chabe, kenaka anaseka. Kuseka kumeneko n'kumene kunamaliza zonse.

"Elvis? Uja wamene sanasilize na giledi naini? Mamotoka aya yali mbwee mu Lusaka, munamvelapo imozi yapya? Vintu ivi bamalemba chabe kuti bazichingilize. Manje imwe mufuna bakawalala bachose magalasi? Mufuna bantu bonse bakambe ati motoka ya Fidelis ni bomba?"

"Ndiye kulibe vuto?"

"Kulibe vuto olo pang'ono. Nipaseni makiyi."

Mirriam anamupatsa. Fidelis anapita pansi pa msuku, anasasa masamba ndi dzanja mokwiya, analiza galimoto, n'kuibweretsa mwaulemu ngati mkwatibwi mpaka m'galaji. Anatenga chingwe, anachilumikiza kukhoma, mbali inayo n'kuilowetsa m'kabowo ka galimoto. Magetsi anali asanabwere.

"Eya, apongozi babwela," anatero ba Abraham pakhonde, akumwetulira ndi mbali imodzi ya pakamwa. "Lelo nizagona bwino. Khoma izafunda."

Mirriam analowa m'nyumba. Anatuluka atanyamula chikwama chachikopa chija m'manja awiri. Anadutsa pamaso pa bambo ake, anadutsa pamaso pa mwamuna wake, analowa m'galaji, n'kutsegula chitseko chakumbuyo cha galimoto. Anakhazika chikwamacho pampando, pamwamba penipeni pa batire, n'kutseka chitseko.

"Muchita chani?" anafunsa Fidelis.

"Nabweza chola chanu. Nayangana bwino bwino, kulibe chiswe kuno. Chizagona mumotoka lelo, na mailo, na masiku yonse."

"Osachita vaupuba pamenso pa bakulu."

"Mwakamba mweka ati kulibe vuto. Atate bagona apa," anamenya khoma ndi chikhatho mpaka fumbi linagwa, "mapepala yanu yagone apa. Vonse vili pamozi. Chovuta n'chani?"

Fidelis anapinda manja pachifuwa n'kuyang'ana kumbali, ngati munthu amene walola mkazi achite misala yake mpaka atope. Akanatha kupirira choncho mpaka mdima, ndipo mwina akanapambana. Koma magetsi a masiku amenewo analibe mbale. Filiji inalira m'khitchini, wailesi inayamba kulankhula yokha pabalaza, ndipo pambali pa galimoto kanyali kobiriwira kanayamba kuphethira. Pansi pa mipando yakumbuyo china chake chinayamba kung'ung'uza.

Mirriam ankangomuyang'ana mwamuna wake. Anaona thukuta likutuluka pamphuno pake m'kuzizira kwa Julayi. Anaona maso ake akupita pagalasi lakumbuyo, n'kubwerera, n'kupitanso. Mumtima ankamupempha kuti aime nji, kuti akhale chitsiru chenicheni chosakhulupirira kanthu, chifukwa chitsiru akanatha kuchikhululukira.

Mphindi imodzi sinakwane. Fidelis analumpha, anatsegula chitseko mwamphamvu mpaka chinamenya khoma, anasolola chikwama chija, n'kutuluka nacho m'galaji chothamanga. Anakaima pakati pa bwalo atachikumbatira pachifuwa. Chingwe anachisiya chili cholumikiza.

Amene anachizula ndi Mirriam. Kung'ung'uza kunaleka. Analowa m'galimoto, makiyi ali momwemo, anaibweza chambuyo mpaka pansi pa msuku, anaitseka, makiyi n'kumangirira pansonga ya chitenje. Pobwerera sanatsitse mawu, ndipo analibe nazo kanthu kuti oyandikana nawo ayamba kusuzumira pampanda.

"Atate, motoka ija ingayake moto ikamachaja. Apongozi banu banauziwa mu Malichi. Mailo yake banachosa mapepala yao mu galaji. Imwe banakusiyani, ndipo mu Juni banathandiza kukankha bedi yanu kuti igunde pa khoma."

Ba Abraham anayang'ana chikwama chija. Anafa ziwalo, koma maso anali nawo, ndipo anali ataona kale zonse. Kumwetulira kuja kunachoka pang'onopang'ono, mbali yamoyo ya nkhope n'kufanana ndi yakufayo.

Fidelis anayandikira khonde. Mawondo ake, ozolowera, anagwada okha pa sitepe yoyamba. Anafuna kuomba m'manja monga mwa masiku onse, koma manja onse awiri anali pa chikwama, ndipo ngakhale pamenepo sanaganize zochiika pansi.

"Apongozi, ninali kufuna kukonza. Ninali kusakila chabe batire ina. Sininafune kuti muyope."

Nkhalambayo inayang'ana kumbali, kumene dzuwa linkalowera kuseri kwa minda ya chimanga chouma.

"Mirriam, kwazizila. Niimike."

Mirriam analowetsa phewa lake kukhwapa kwawo kwakumanzere. Mbali inayo, yolemerayo, inali ya Fidelis kuyambira tsiku limene anafika pakhomopo. Fidelis anadzuka msanga, anapanira chikwama m'khwapa, n'kutambasula dzanja limodzi kuti agwire.

"Osanigwila," anatero ba Abraham, mawu akutuluka movutikira koma omveka. "Manja yanu yali na katundu."

Mirriam anawanyamula yekha, phazi limodzi, kupuma, phazi lina, mwendo wakufawo ukukwekwereza pasimenti. Anatenga nthawi yaitali kuposa masiku onse kuti afike kuchipinda, ndipo nthawi yonseyo Fidelis anali chiimire pakhonde ndi chikwama chake.