Nyimbo Yokhala M'miyendo

Nyimbo ija ya msilikali wotsanzika bwenzi lake pa mlatho anaipeka ndi bambo anga, a Ottokar, pa nkhondo ya 1870, kupekera mayi anga, a Walburga. Pofika 1908 mzinda wonse wa Leipzig unkaiimba, aliyense kulowetsamo dzina la chibwenzi chake, ndipo ukawauza mwini wake ankangokuseka. Zinkandiwawa zedi. Mayi atamwalira ndinalumbira kuti mawu a bambo alowa m'mbale ya galamafoni, dzina la mayi lili momwemo.

Bambowo ndinawakokera ku kampani ina yojambula nyimbo. Wojambulayo, a Zeidler, anafunditsa mbale zitatu za phula, n'kutiuziratu kuti zikatha basi, kwathu. Anawaimika bambo pakamwa pa chilipenga chotolera mawu, n'kuwalamula kuti asasunthe ngakhale chala.

Apa m'pamene panagona nkhani. Nyimboyi inabadwira pamsewu, asilikali akuguba, ndipo bambo anali asanaiimbepo ali chiimire. Mzere woyamba usanathe phazi linayamba lokha, di, di, di. Matabwa a pansi ananjenjemera, singano yolemba pa phula n'kudumpha, mbale yoyamba yapita.

"Agogo, kuno si ku perete," anatero a Zeidler.

Pa yachiwiri anaima nji, ine nditagwada n'kuwagwira m'mawondo. Mawu anawathawa. Munthu woipeka yekha nyimbo kumangoti kukamwa yasa, phula likuzungulira pachabe! Ndinawakalipira, ndisaname, ndinati akundichititsa manyazi pamaso pa anthu. Iwo anangoti mawuwo amakhala m'miyendo, ndiwasiye miyendo yawo.

Pa yachitatu tinawavula majombo n'kuwapondetsa pa bulangete lopinda. Anaguba ndi masokosi, koma posamva kugunda kwa chidendene anasokonezeka, kubwereza ndime imodzimodzi kawiri. Phula linatha asanafike pa ndime ya mayi.

A Zeidler anapukuta m'manja. Anati nyimboyo ndi yabwino ndithu, sabata yamawa aitana mnyamata woimba ku zisudzo, poti mawu ake ndani sawadziwa. Ndinafunsa kuti pambalepo alembapo dzina la yani.

"Nyimbo ya asilikali, mayi. Mwini wake sadziwika."

Ndinali nditanyamula jombo m'manja, ndipo Mulungu yekha ndiye anandigwira dzanja kuti ndisawagende a Zeidler. Bambo anatenga majombo awo. Anavala, kumanga zingwe pang'onopang'ono, a Zeidler n'kutitsekera chitseko kumbuyo.

Tikutsika masitepe, majombo akugunda pa matabwa, nyimbo inangotuluka yokha, ndime zonse zisanu ndi imodzi, osaphonya liwu. Pa dzina la mayi mawu anawanjenjemera koma sanaime. Ine m'mbuyo misozi ili chuchuchu, theka chisoni theka ukali. Titafika pamsewu anatembenuka, ali wefuwefu, nkhope ili ngwee.

"Imeneyo ndiye yake, Irmgard mwana wanga. Tathamanga ukawafunse ngati aigwira."