Shelufu Yachiwiri ya Bambo Khiem

Amayi anali pakhonde kukonza kompyuta yapepala yoti awotche masana, kuti malemu amuna awo akapeze chogwirira ntchito kumene apitako. Yeniyeniyo inali patebulo, ndipo mwana wawo Dinh ankafuna kufufuta zonse kuti aipatse mwana wake.

"Tayang'anamo iwe, poti zamakompyuta umazidziwa," anauza mlongo wake Thuc. "Kapena naponso udikira zaka ziwiri?"

Thuc anayatsa kompyutayo. Zaka ziwirizo zinayambira momwemo. Iye ndi bambo ake, a Khiem, ankalembera limodzi pulogalamu yosungira katundu m'masitolo amankhwala ku Da Nang. Bambowo anapanga kalasi, kutanthauza gawo la pulogalamuyo, yomwe anaitcha Shelufu, yolandira katundu wamtundu uliwonse, koma anaikapo lamulo limodzi: chinthucho chikhale ndi tsiku lothera mphamvu. Chopanda tsikulo pulogalamu inkachikana isanayambe n'komwe kugwira ntchito.

Nanga ndodo zoyendera odwala zimatha mphamvu? Thuc anachotsa lamulolo osafunsa. A Khiem, omwe pakamwa pawo panalibe chotsekera, ananena pamaso pa antchito kuti shelufu yolandira chilichonse ndi dzala, ndipo woipanga ndi wotola zinyalala. Thuc anakwera sitima ya ku Saigon. Foni zawo sankayankha, ngakhale pa Tet, chikondwerero cha chaka chatsopano, sanabwere.

Tsopano ankafuna kudziwa chinthu chimodzi, ngati anamwalira akadali okwiya. Anatsegula Shelufu. Lamulo lija linali pomwepo, bambo ake analibwezera. Mtima wake unalemera.

Atatsitsa pang'ono anapeza kalasi ina. Imeneyi inkalandira ndodo, masikelo, mipando yamatayala, zonse zopanda tsiku. Nayonso inali ndi lamulo lake, poti a Khiem sakanagona tulo popanda lamulo: chinthucho chikhale ndi nambala. Pamwamba pake analembapo mawu amene pulogalamu siwerenga: "Mwana uja sananame za ndodo. Ndimuuza akabwera pa Tet." Pansi pake panali mzere wina, wa chaka chotsatira: "Tet inayo."

"Muli chofunika?" anafunsa Dinh.

"Musafufute, achimwene."

Anapita pakhonde. Amayi anamuuza kuti kompyuta yapepalayo inalibe mawu alionse, ndipo bambo akeyo akaiona adandaula kuti awatumizira chopanda kanthu. Thuc anatenga cholembera, nakopera pagalasi lapepalalo kalasi yoyamba ija, ndi lamulo lake lomwe. Mmunsi mwake analemba kuti, "Ndabwera, bambo."

Amayi anamupatsa machesi.