Chingwe Chinali Paphazi Panga

Kamera ija anandisiyira ndi achimwene anga a ku Marseille, chaka chimene ndinamaliza sukulu. Ndi yakale, yothetheka pakona, koma ukadina kabatani osachotsapo chala imajambula zithunzi zotsatizana, khe-khe-khe, ngati makina osokera. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndi zimene zinandiulula.

Dzina langa ndi Anir, kwathu ndi ku Ouaouizeght. Pagulu lathu la opalasa timabwato tinalipo asanu ndi mmodzi, ndipo ine ankanditchula Kadzidzi, poti ndimangoyang'ana osanena kanthu. Amene anandikokera m'gulumo ndi Yuba. Tinakhala desiki imodzi zaka zinayi, iye akulankhula, ine ndikumvetsera. Kupatula iyeyo, sindikumbuka wina amene anagogodapo pakhomo pathu kufuna ine.

Epulo aliyense, chipale chofewa chikasungunuka m'mapiri, a Bassou amatitenga kukatsika mtsinje wa Ahansal masiku atatu. Ndi bambo wamfupi, wa ndevu zaimvi, amene anatsitsa alendo mumtsinjemo zaka makumi awiri. Malamulo awo ndi awiri okha. Loyamba ndi losekera: amene bwato lake lagubuduka iye n'kulisiya, ndiye wothira tiyi wa gulu lonse. Lachiwiri saseka nalo. Pa mathithi oopsa, mmodzi amatsogola wapansi n'kukaima pamwala wa kumunsi atagwira kathumba ka chingwe, kuti wina akagwa amuponyere.

"Woima pamwala alibe mphuno, alibe msana," amatero. "Sayetsemula, sadzikanda. Ali ndi maso ndi dzanja basi."

Tsiku lachiwiri masana, tikudya buledi ndi mafuta a azitona pamchenga, Yuba anatenga kamera yanga n'kumaona zimene ndinajambula dzulo lake.

"Aise, unandida chani? Chithunzi chilichonse ndikuoneka ngati nkhuku yogwera m'chitsime."

"Kamera sinama," anatero Haddou, mnzathu wamtali uja, pakamwa patadzaza.

"Iwe khala chete, bwato lako limayenda chammbali ngati nkhanu."

Onse anaseka. Inenso ndinaseka, koma mumtima ndinalumbira kuti ndimujambula chimodzi choti akachipachike kukhoma.

Titanyamuka tinafika pamalo amene timawatchula Pakhosi pa Mbuzi. Mtsinje umapanikizika pakati pa miyala iwiri, n'kugwera m'dzenje momwe madzi amabwerera m'mbuyo, kumangozungulira pomwepo. Ukalowamo sakulavula msanga.

"Kadzidzi, pamwala," anatero a Bassou.

Ndinatsika ndi kathumba kanga. Mwalawo uli kuseri kwa khona, moti anzanga a kumtunda sankandiona. Dzuwa linali litalowa m'chigwamo mopendekera, n'kuwalitsa nthunzi ya madzi ngati fumbi la golide. Ndinali ndisanaonepo kuwala kotero. Ndinaika kathumba paphazi panga. Ndinati ndi kamphindi chabe. Ndinatulutsa kamera m'thumba lake losalowa madzi.

Woyamba kubwera anali Yuba. Bwato lake lofiira linatulukira pakati pa miyala, mphuno ili m'mwamba, ndipo ndinadina. Linatsika, linapendekeka, linatembenuzika. Chala changa sichinachoke.

Apa ndikanatha kulemba kuti mantha anandiumitsa. Ndakhala ndikuyesa kudziuza choncho. Koma sindinachite mantha. Ndinaona kuti n'zokongola.

Mmene ndinkaponya kamera pachifuwa n'kutola kathumba, dzenje lija linali litamulavula kale. Chingwe chinagwera kumbuyo kwake, pamadzi opanda munthu. Ndinamuona akukokoloka, kenako phewa lake linamenya mwala. Phokoso lake sindinalimve chifukwa cha mkokomo, koma ndinaona mmene mkono unalendewera.

Tinamupeza pamiyala ing'onoing'ono kumunsi, nkhope ili mbuu, akulavula madzi. A Bassou anamumanga mkono ndi mpango wawo, kenako anatembenukira kwa ine.

"Chingwe chinatani?"

Ndisanatsegule pakamwa, Yuba anayankha. "Anaponya, amalume. Madzi ndi amene anali ndi liwiro."

A Bassou anagogoda chisoti changa ndi chala, monga amachitira ndi munthu amene wayesetsa. Kukanakhala bwino akanandimenya.

Tinamukweza pa bulu wa bambo wina wa m'mudzi wa pamwamba, kenako takisi mpaka kuchipatala. Fupa linali litathyoka. Mwezi wotsatira Yuba anali woti akayesedwe kuti ayambe kutsitsa alendo yekha. Zinathera pomwepo.

Milungu itatu sindinapite kukamuona. Masana ndinkakwera padenga, pakati pa zovala zimene amayi ayanika, n'kuyatsa kamera. Zithunzi za pamwala paja zinali zisanu ndi chimodzi. Ndinkaona choyamba, chachiwiri, chachitatu, n'kuzimitsa. Kupitirira sindinkatha. Kufufuta sindinkathanso, chifukwa chachitatucho chinali chabwino kuposa chilichonse chimene ndinajambulapo, ndipo ndinkadzida chifukwa chodziwa zimenezo.

Kenako uthenga unalowa pafoni: "Kadzidzi wafa kodi? Ubwere Lachisanu, amayi aphika kusukusu. Utenge kamera."

Ndinapita. Amayi ake, mayi Itto, anandipsompsona pamutu.

"Mwana wanga, ndamva kuti unathamanga ndi chingwe. Mulungu akusunge. Taona kuonda! Amayi ako akukudyetsa mphepo?"

Tili pa mbale ya kusukusu, timibulu ta tirigu tophika ndi nyama, ankangokankhira nyamayo mbali yanga. Ndikaibweza pakati ankaikankhanso. Ndinadya.

Titatha, ine ndi Yuba tinakakhala pabwalo pansi pa mkuyu. Mkono wake wamanja unali m'nsalu. Anatambasula wamanzere.

"Bweretsa kamera."

Anayamba ndi za tsiku loyamba, akuseka yekha. "Taona a Bassou apa, ngati mbuzi yomwe yamva kuti Idi yophera mbuzi yayandikira. Nanga Haddou? Miyendo imeneyi amaipinda bwanji m'bwato?" Ine ndinkangoyang'ana chala chake chikudina, chikuyandikira.

Atafika pa bwato lofiira anasiya kuseka. Choyamba. Chachiwiri. Pa chachitatu anaima nthawi yaitali. Kenako anadina, n'kunditembenuzira kamera kuti ndione.

Chachinayi. Mutu wake watulukira m'thovu, pakamwa pali yasa, dzanja limodzi m'mwamba. Maso ake ali pa ine ndendende.

"Apa ndinkakuitana," anatero.

"Unandiona?"

"Kadzidzi, unali pa mamita anayi. Pamene pankayenera kukhala nkhope yako panali galasi lakuda."

Nyerere zinkakwera mkuyu uja. Ndinaziwerenga mpaka khumi ndi ziwiri.

"Nanga bwanji unawanamiza a Bassou?"

"Akanakuchotsa. Ndiye ukanalowera kuti iweyo? Ukanakalamba padenga ukujambula amphaka."

"Pepa, Yuba."

"Ndinkadikira kuti ubwere wekha," anatero osandiyang'ana. "Milungu itatu. Haddou wabwera kawiri, Haddou amene ndimamunyoza tsiku lililonse. Nthawi iliyonse chitseko chikalira ndinkati ndi iwe."

Mayi Itto anabwera ndi thireyi ya tiyi n'kuiika patsogolo panga, poti ine ndiye ndinali ndi manja awiri. Yuba anaikokera kwa iye.

"Lamulo ndi lamulo. Wogwa ndiye amathira."

Ananyamula ketulo ndi dzanja lamanzere, n'kuikweza m'mwamba kuti tiyi achite thovu. Tiyi anaphonya tambula n'kutayikira pathireyi. Ndinatambasula mkono kuti ndimuthandize.

"Siya."

Ndinasiya. Anathira mpaka matambula onse awiri anadzaza, thireyi ili yonyowa.

"Chachitatucho unditumizire," anatero tikumwa. "Sindinama, n'chabwino. Sindikuoneka ngati nkhuku."

Ndinagwedeza mutu.

"Koma ndikachira, sindikufuna iwe pamwala panga. Ndiwauza a Bassou kuti aziikapo Haddou. Akafunsa chifukwa, ine sindinamanso kachiwiri, ndipo sindinenanso. Uyankhe ndiwe."

Masiku onse ndikamachoka kwawo ankandiperekeza mpaka pa mzikiti, akundiuza nkhani zosatha. Tsiku limenelo anangokweza tambula.

Sindinadikire kuti a Bassou afunse. M'mawa mwake ndinawapeza m'shedi momwe timasunga mabwato, akumata lina long'ambika. Ndinangowapatsa kamera itayatsidwa pa chachinayi. Anayang'ana. Anadina chachisanu, chachisanu ndi chimodzi. Anandibwezera mosamala, ngati ndi dzira. Sanakalipe.

"Yuba akudziwa?"

"Ankadziwa kuyambira pamtsinje."

Anapuma mozama. Kenako anatenga kathumba ka chingwe pamsomali, ndi kachigubu kopanda kanthu ka mafuta ophikira.

"Chaka chino m'bwato sulowa. Pita kumunsi kwa mlatho. Uziponya kachigubuka kumtunda, kakamadutsa uzikaponyera chingwe. Ukadzakagunda kakhumi motsatizana, udzandiitane ndidzaone."

Ndimapita tsiku lililonse ikatha Swala, pemphero la masana. Kulibe munthu kumeneko, kupatula mayi wina amene amadyetsa nkhosa kutsidya, ndipo anasiya kundidabwa. Ndimaponya, ndimakoka, ndimalongedza chingwe chonyowa m'kathumba, n'kuthamangira kachigubu kasanapite. Ndafikapo kanayi motsatizana. Kamera imatsala kunyumba, m'kabati ya zovala.

Chachitatu chija ndinamutumizira Yuba. Haddou akuti anachiika pafoni pake, ndipo amaonetsa aliyense. Ine sanandiyankhe. Amayi akamva kugogoda amafuula kuti, "Anir, taona ndani," ndipo ndimatsika masitepe awiriawiri. Dzulo anali wogulitsa gasi.