Dzina Lalitali pa Thabwa Lalifupi

"Bokosi ili likupita kwathu ku Kabudula, mlamu," anatero a Gideoni, ataliponda ndi phazi ngati lingathawe.

Zelifa anayang'ana pakhonde. Panali patapita masiku anayi chiikireni mwamuna wake Hilario, ndipo mtanda wa pamanda unali chigonere pakhonde, wosalembedwa. M'bokosimo munali mabulashi, rula ndi tizitini ta penti, zida zimene Hilario ankalembera zikwangwani za masitolo kuyambira ku Nambuma mpaka ku Namitete. Zikapita zimenezo, Zelifa atsala ndi khasu basi.

A Gideoni anali akulu ake a malemuyo. Anagwirapo umesenjala kuboma miyezi isanu ndi itatu, ndipo kuyambira pamenepo ankatchula Bwana Disi ngati mnzawo wosewera naye bawo.

"Zida zimatsata magazi," anapitiriza. "Komanso zimafuna munthu wa sukulu. Inu mudzatani nazo, kutakasira phala?"

"Yambani mwalemba mtandawu, alamu. Mukatha, tengani."

A Gideoni anavula jekete, nalipachika pa msomali mwaulemu. Chilembo choyamba chinatuluka chonenepa, cha timiyendo ngati za m'nyuzipepala. Chachiwiri chinanenepa kuposa. Atafika pa HILARIO KANY, thabwa linatha.

Analiyang'ana nthawi yaitali.

"Kalipentala ameneyu ndi woumira matabwa, eti?"

Zelifa ananyowetsa kansanza ndi palafini n'kufufuta zonse. Anathyola udzu wofanana ndi thabwalo kutalika, naupinda, naupindanso, mpaka chilembo chilichonse chitapeza malo ake. Anajambula mizere iwiri ndi rula. Kenako anagwada n'kuyamba kulemba zilembo zija Hilario anaonera pa mabokosi a katundu wa m'sitolo: zowonda, zazitali, zopanda timiyendo, mzere uliwonse wofanana ndi unzake kukhuthala. O wake anali ngati nthanga ya nkhaka. Zinaima mothithikana ngati anthu pamzere wogulitsa fodya, koma palibe chinaponda chinzake, ndipo munthu wa pa njinga akanaziwerenga osatsika.

HILARIO KANYAMULA 1956 linakwana, n'kutsalako malo a zala ziwiri.

A Gideoni anatsokomola, navala jekete lawo.

"Ndi mmene ndimafuna kuchitira kachiwiri. Bokosili ndi lolemera pa njinga, likhale kaye konkuno. Muzilisamala."

"Zikomo, alamu."

Zelifa anaimika mtandawo pakhoma, nabwerera m'mbuyo mapazi atatu. Analoza chilembo chimodzichimodzi ndi chala, akuwerenga dzinalo mokweza, pang'onopang'ono.

"Kodi mukuwerengera ndani?" anafunsa a Gideoni.

"Achimwene anuwo ankafuna choncho akamaliza chikwangwani chilichonse. Iwowo kuwerenga sankatha."

Anayambiranso pa H, poti Hilario kamodzi sikankamukwanira.