Amake Mapasa Amangokhala

Lachiwiri m'mawa yunifolomu ya mwana wachisamba wa amake mapasa inali pamsomali kuseri kwa chitseko, yosita bwinobwino, koma mwini wake sanaivale. Amake mapasa anali ndi mtolo wa zovala za eni woti akapereke kutsidya kwa msewu waukulu, ndipo mapasa a zaka ziwiri sungawasiye okha ngakhale kanthawi kokatunga madzi. Choncho mtsikanayo, amene anali m'kalasi yolemba mayeso, anatsala pakhonde, mwana wina ali pamiyendo, wina akumukoka tsitsi, maso ali pa anzake amene ankadutsa ndi zikwama.

Aphunzitsi anali atatumiza kale uthenga woti akapitiriza kujomba chotere, mayeso aiwale, abwereza kalasi. Mawu amenewa ankawadya mumtima amake mapasa. Koma akanatani? Kuchapa ndi kusita zovala za anthu ndi kumene kunkagula chakudya ndi kulipira nyumba.

Amuna awo anthu ankawatchula kuti Adalaivala. Kampani ya malole imene ankagwirako inatseka chaka chatha, koma m'mawa uliwonse iwo ankavalabe malaya oyera, kupukuta nsapato, n'kutuluka makiyi akulira m'thumba. Ankakakhala pamalo oimika malole kudikira ganyu, imene nthawi zambiri sinkabwera. Aneba ankawafunira ulendo wabwino wa kuntchito, iwo n'kukweza dzanja ngati bwana. Amake mapasa okha ndi amene ankadziwa zoona, ndipo anatseka pakamwa. Polowa m'banja analangizidwa kuti za m'nyumba sizituluka, mwamuna savulidwa pagulu.

Masana a tsiku lomwelo, atabwerako kokapereka zovala, anaona mayi wina wovala chipewa ndi chiphaso pakhosi akuodira pageti. Anati wachokera ku ofesi ya ziwerengero za boma, ndipo akuyenda khomo ndi khomo kufunsa za ntchito, sukulu ndi mmene anthu amagwiritsira ntchito nthawi yawo. Amake mapasa anapukuta thovu m'manja, n'kumupatsa kampando.

Mafunso oyamba anayenda ngati madzi. Atafunsidwa za abambo, anayankha kuti ndi dalaivala, ali kuntchito. Atafunsidwa ngati chisamba amapita kusukulu tsiku lililonse, anati eya, ngakhale mwanayo anali pomwepo akutsuka mbale.

“Nanga inu mayi, mumagwira ntchito yanji?”

“Ine? Aa, ine ndimangokhala.”

Wakalembera uja sanalembe msanga. Anayang'ana zingwe zitatu zodzaza ndi zovala: malaya a amuna a misinkhu yosiyanasiyana, madiresi oyera a anamwino, makatani, ngakhale maovolosi a makaniko. Anayang'ana mabeseni, simbi ya makala ikufuka pambali, ndi zala za amake mapasa zimene sopo anazisuwa mpaka kuyera.

“Ndiye muli ndi banja lalikulu,” anatero akumwetulira. “Anamwino awiri, makaniko, ndi amuna asanu.”

Amake mapasa anaseka, manyazi atawagwira. Anavomera kuti amachapira anthu, koma anati imeneyo si ntchito yoti n'kulembedwa m'mabuku a boma, n'kongothandizira chabe.

Mayi uja anaika kachipangizo kake kolembera pamiyendo n'kufotokoza modekha. Anati ntchito si ya mu ofesi yokha. Chilichonse chimene munthu amachita n'kupezapo kangachepe ndi ntchito, ndipo kuphika, kutunga madzi ndi kulera ana nakonso amawerenga maola ake padera. Mayankho onse akasonkhana, amaika amayi mbali iyi, abambo mbali iyo, kuti zioneke ngati akuyendera limodzi kapena wina watsalira: kusukulu, pantchito, ngakhale pa nthawi yopuma. Boma silingafike pakhomo lililonse, limaona kudzera m'ziwerengero zimenezi.

Kenako ananena chinthu chimene chinawalasa amake mapasa. Kafukufuku wapitayo anaonetsa kuti amayi ambiri a dera limenelo ali pakhomo, sagwira ntchito. Akhonsolo atayang'ana anati ndiye kuti ana ali ndi owasamalira, ndipo malo osungirako ana masana anawapereka kudera lina.

Amake mapasa anatembenuka kuyang'ana chisamba wawo. Anakumbukira kuti ulendo umenewo nawonso anayankha chimodzimodzi, ndipo anamva chisoni chachikulu. Malo amene akanamasula mwana wawo anawathamangitsa okha ndi pakamwa pawo.

Anapempha mayi uja kuti angolemba zimene waona ndi maso. Iye anakana. Anati lamulo la ntchito yake ndi kulemba zimene wauzidwa, ndipo munthu wamkulu aliyense amadziyankhira yekha, mwamuna sayankhira mkazi, mkazi sayankhira mwamuna. Anawatsimikizira kuti mayina satuluka, sapita kwa amsonkho, kwa eni nyumba kapena kwa aneba. Chimene chimatuluka ndi nambala basi. Anati abweranso Lachinayi m'mawa kuti adzakumane ndi abambo, ndipo mayi akhale ataganiza bwino.

Adalaivala anafika dzuwa likupendeka, atatopa ndi kudikira. Amake mapasa anawasiya avule nsapato, amwe madzi, kenako anawauza zonse. Nkhope ya abambo inasintha.

“Mukufuna dziko lonse lidziwe kuti ndikudyetsedwa ndi mkazi?”

“Dziko silidzamva dzina lanu, bambo a mapasa. Ine ndakufunditsani chaka chathunthu ndipo sindikudandaula. Koma nsalu imene ndakufunditsaniyo ndavula mwana wathu.”

Abambo anadzuka kuti akapachike malaya awo oyera kuseri kwa chitseko, ndipo anapeza msomali uli ndi yunifolomu ija. Anaima pamenepo nthawi yaitali, malaya ali m'manja. Kenako anafunsa chisamba kuti wajomba kangati mwezi umenewo. Mwanayo anayankha chapansipansi kuti anasiya kuwerenga.

M'mawa mwake amake mapasa anapita nayo nkhani kumpopi, poti anadziwa kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo khomo limodzi silingasinthe ziwerengero za dera lonse. Anafunsa anzawo zimene anamuyankha wakalembera. Mayi woluka tsitsi anati anayankha kuti amangokhala. Wogulitsa makala, nkhope ili bii ndi fumbi la ntchito yake, anatinso amangokhala, poopa kuti akaulula abwera amsonkho. Mayi wa tomato anati pa kafukufuku wapitayo iye sanafunsidwe n'komwe, amuna ake anamuuza kuti akakonze tiyi, iwo n'kuyankha zonse.

“Ndiye dera lonse lino tikungokhala,” anatero woluka tsitsi, “koma misana ikutipweteka tonse.”

Anaseka mpaka ndowa kusefukira. Atatha kuseka, amake mapasa anawafotokozera za malo a ana amene anapita kwina, ndi kuti mayina satuluka. Anawakumbutsa kuti manyazi anapha lambe. Wamakala anakayikabe, nati iye boma salikhulupirira msanga, koma anavomera kudzamva yekha kwa mayi wa chipewayo. Anagwirizana kuti aliyense auze mnzake wa khomo loyandikana.

Lachinayi Adalaivala sanavale malaya oyera. Anakhala pakhonde ndi sikipa yakale, makiyi atawasiya patebulo. Mtima wa amake mapasa unali m'mwamba, chifukwa chiyambire Lachiwiri abambo sananene maganizo awo. Wakalembera atafika anapempha kulankhula ndi aliyense payekha, koma Adalaivala anati mawu awo oyamba akufuna akazi awo awamve.

“Lembani kuti sindili pantchito, ndikufunafuna. Nyumba ino ikuyenda ndi manja a mayiwa. Ndipo mwana wathu wamkulu wakhala akujomba kusukulu chifukwa cholera ang'ono ake.”

Mawuwo anatuluka movutikira, koma anatuluka. Amake mapasa anamva misozi ikubwera, ndipo ananamizira utsi wa simbi.

Itafika nthawi yawo, anayamba kuwerenga tsiku lawo kuchokera pamene amadzuka: kutunga madzi, kunyika zovala, kukonzera ana chakudya, kuchapa, kuyanika, kusita, kukapereka, kuphika, kusambitsa mapasa. Iwo eni anadabwa kutalika kwake. Atafunsidwa kuti amapuma nthawi yanji, anaganiza kwa kanthawi n'kuyankha kuti mwina pamene akudikira makala kuti ayake. Pochoka pamenepo wakalembera anapeza amayi ena akumudikira pageti, aliyense akufuna kukonza yankho lake.

Ziwerengero sizipsa tsiku limodzi, ndipo mayeso sakanadikira. Choncho Adalaivala ananena okha kuti masiku okapereka zovala azitsala ndi mapasa. Tsiku loyamba akazi awo anawapeza atakhala pansi thukuta lili kamukamu, mwana wina atavala nsapato yawo kumutu, wina atathira sopo m'madzi akumwa. Adalaivala anati lole ya matayala khumi ndi yosavuta, chifukwa ukaponda buleki imaima. Anzawo ena anawaseka powaona ndi mwana kumsana, koma ena, amene nawonso ankatuluka m'mawa opanda kopita, anayamba kuwapatsa moni wa ulemu wina. Chisamba sanajombenso, ndipo mayeso analemba.

Patapita miyezi, anthu anaitanidwa kuholo ya m'deralo kuti akamve zotsatira. Mkulu wa ku ofesi ya ziwerengero anapachika pepala lalikulu la mizere iwiri, wa amayi ndi wa abambo. Panalibe dzina la munthu ngakhale limodzi, ndipo mtima wa wamakala unakhala pansi. Pepalalo linaonetsa kuti amayi ambiri a m'deralo amapeza ndalama ndi manja awo, kuti akaphatikiza ndi za pakhomo maola awo amaposa a abambo, kuti atsikana amajomba kuposa anyamata, ndiponso kuti abambo ofuna ntchito ndi ambiri kuposa mmene malaya oyera a m'mawa ankanenera. Adalaivala anayang'ana uku ndi uku m'holomo, n'kuona kuti sanali okha.

Akhonsolo anati tsopano aona pamene pakupweteka. Chipinda cha kumbuyo kwa holo, momwe munkasungidwa mipando yothyoka, anachikonza kukhala malo osungirako ana masana. Analonjezanso kuti pa ntchito yokonza ngalande adzayamba kulemba anthu a m'deralo, amuna ndi akazi. Adalaivala ntchito yokhazikika anali asanaipezebe, koma makiyi a lole imene kulibe anasiya kuyenda nawo.

Tsiku lotsegulira chipindacho, wakalembera uja anapatsidwa mpata woti anenepo mawu. Sanachulutse. Anati wakalembera akafika pakhomo, aliyense adziyankhire yekha ndipo anene zoona. Ntchito ya mayi ndi ntchito, ndipo kusowa ntchito kwa bambo si mlandu. Chimene sichinawerengedwe boma silichiona, ndipo chimene silikuchiona silingachikonze.

Lolemba lotsatira amake mapasa anapita ndi ana awo awiri kukawalembetsa. Chisamba, amene anali atakhoza mayeso, anawaperekeza mpaka pageti atavala yunifolomu ya sukulu yake yatsopano, n'kuthamangira basi. Mlezi wa ana anafunsa mayina a mapasa ndi zaka zawo, kenako anafunsa chimene mayi amachita, kuti adziwe nthawi yodzawatenga.

“Ndimachapa ndi kusita zovala,” anayankha amake mapasa mokweza, mtolo uli pamutu. “Ndipo mundifulumizire, ndachedwa kuntchito.”